Kuundanitsa Mazira a Amayi: Luso Lakhwima, Nanga Lonjezo la Mwana?

Kuundanitsa mazira a amayi ndi njira ya zachipatala imene madokotala amachotsa mazira m'thupi la mayi, n'kuwaziziritsa mpaka atauma gwa, kenako n'kuwasunga kwa zaka zambiri kuti adzawasungunule pa nthawi imene mwiniwake adzafune kutenga pakati. Njirayi ndi nthambi ya chithandizo chodziwika ndi zilembo zoti IVF, chomwe chimakumanitsa dzira ndi umuna m'labotale, ndipo chinamveka padziko lonse pamene Louise Brown anabadwa mu Julaye 1978 ku Oldham, m'dziko la England. Masiku ano zipatala za ku London, New York, Valencia ndi Cape Town zimatsatsa kusunga mazira ngati njira yoti mayi asamapanikizike ndi zaka, pamene akatswiri ena a ntchito yomweyi amati amayi akugulitsidwa chiyembekezo pamtengo woposa phindu lake. Mbali zonse ziwiri zili ndi ziwerengero zake, ndipo ziwerengerozo nthawi zambiri zimakhala zoona ngakhale zikutsutsana, chifukwa wina amawerenga mazira, wina miluza, yomwe ndi mazira amene akumana kale ndi umuna n'kuyamba kukula, wina amayi otenga pakati, ndipo ndi ochepa amene amawerenga ana obadwa amoyo.

Gwero la nkhaniyi lili pa kusiyana kumodzi kwa thupi la mwamuna ndi la mkazi. Mwamuna amapanga umuna watsopano kuyambira atatha msinkhu mpaka ku ukalamba, koma mkazi amabadwa ali kale ndi mazira onse amene adzakhale nawo, ndipo chiwerengero chake chimangotsika osakweranso. Mwana wamkazi akakhala m'mimba kwa milungu 20 amakhala ndi mazira pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni, pobadwa amatsala ndi 1 kapena 2 miliyoni, potha msinkhu amakhala ndi 300,000 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo akamafika posiya kusamba, cha m'ma zaka 50, amakhala atatsala ndi pafupifupi 1,000. Komabe chovuta kwambiri ndi kukalamba kwa mazirawo kuposa kuchepa kwake. Dzira lililonse lili ndi makromozomu, omwe ndi timitolo ta malangizo a chibadwa, ndipo pokhwima liyenera kuwagawa pakati molondola kuti litsale ndi 23 oti akakumane ndi 23 a umuna. Mayi akapitirira zaka 35, makamaka akamayandikira 40, mazira ambiri amaphonya kagawidwe kameneka, moti mluza sukhazikika m'chiberekero, kapena ukakhazikika mayiyo amapita padera. Chiberekero chokha sichikalamba msanga chotere, monga zimaonekera kwa amayi a zaka za m'ma 40 amene amabereka atalandira mazira a atsikana. Ganizo lonse lagona pamenepa: ngati dzira la mayi wa zaka 30 lingasungidwe osasintha, mayiyo angathe kudzaligwiritsa ntchito ali ndi zaka 40 likadali ndi mphamvu zake za pa zaka 30.

Umuna unayamba kuundanitsidwa bwinobwino kalekale, moti mimba zoyamba zochokera ku umuna wosungunulidwa zinalengezedwa mu 1953 ku Iowa, ndipo mu 1984 ku Melbourne kunabadwa mwana wochokera ku mluza woundanitsidwa. Dzira lokha linakanika. Chifukwa chake n'chakuti dzira ndi selo lalikulu kuposa maselo ena a m'thupi la munthu, ndipo mbali yaikulu ya m'kati mwake ndi madzi, omwe akamaundana pang'onopang'ono amapanga timiyala ta ayezi tosongoka timene timang'amba zam'kati mwa selolo. Kuwonjezera apo, tiulusi timene timandanda makromozomu pamzere timaphwasuka tikamva kuzizira, ndipo chikhungwa cha dzira chimalimba moti umuna umalephera kuchiboola. Christopher Chen, dokotala wa ku Adelaide m'dziko la Australia, analengeza mu 1986 mimba yoyamba yochokera ku mazira oundanitsidwa, ndipo panabadwa mapasa, koma kwa zaka pafupifupi 10 zotsatira ana obadwa m'njira imeneyi anali owerengeka. Vuto la chikhungwa linatha pamene Gianpiero Palermo ndi anzake ku Brussels anasonyeza mu 1992 kuti mbewu imodzi ya umuna ingathe kubayidwa mwachindunji m'kati mwa dzira, njira yotchedwa ICSI, ndipo mu 1997 Eleonora Porcu wa ku Bologna analengeza za kubadwa kwa mwana kuchokera ku dzira losungunulidwa limene analibaya motero.

Vuto la ayezi ndi limene linatenga nthawi, ndipo ndale zinathandizira nawo kulithetsa mosayembekezeka. Mu 2004 dziko la Italy linakhazikitsa lamulo la nambala 40, lomwe linaletsa kuundanitsa miluza komanso kukumanitsa ndi umuna mazira opitirira atatu pa ulendo umodzi, motero madokotala a kumeneko anakakamizika kuphunzira kusunga mazira otsala m'malo mowataya. M'zaka zomwezo ku Tokyo, Masashige Kuwayama wa pa chipatala cha Kato ankanola njira yotchedwa vitrification, yomwe ndi kuziziritsa chinthu mofulumira kwambiri moti madzi ake amalimba ngati galasi asanapeze mpata wopanga timiyala ta ayezi. Katswiri wa m'labotale, maso ali pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, amayamba waviika dziralo m'mankhwala amene amayamwa madzi ake ena n'kulowa m'malo mwake, kenako amaliika pansonga ya kapulasitiki kopyapyala, m'kadontho kovuta kukaona ndi maso, n'kukamiza nthawi yomweyo m'madzi a nayitirojeni, omwe amazizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro. Dzira likalowa m'mankhwala amphamvu omaliza, katswiriyo amakhala ndi mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono kuti amalize, chifukwa mankhwalawo amaononga selo likakhalitsamo. N'chifukwa chake zipatala ziwiri zokhala ndi zipangizo zofanana zimatha kusiyana kwambiri pa zotsatira. Pa kuzizira kumeneku zonse za m'selo zimaima, ndipo dzira limene lakhala zaka 10 m'thanki silikalamba kuposa limene lakhalamo sabata imodzi. Nayitirojeni yemweyu ndi amene amasunga umuna wa nkhunzi m'zigubu zimene alangizi a ziweto amanyamula popita kwa alimi a ng'ombe za mkaka.

Umboni wamphamvu wakuti njirayi yatheka unachokera ku Valencia, m'dziko la Spain, kumene Ana Cobo ndi anzake a m'zipatala za IVI anafalitsa mu 2010 kafukufuku wa amayi 600 olandira mazira a anthu ena, omwe anawagawa mwamaere m'magulu awiri. Gulu lina linalandira mazira ongochotsedwa kumene, lina mazira osungunulidwa, ndipo amene mimba zawo zinakhazikika anali pafupifupi 42 pa 100 alionse m'gulu loyamba ndi 44 pa 100 alionse m'gulu lachiwiri, kutanthauza kuti kuundanitsako sikunachotse kanthu pa mphamvu ya mazirawo. Mu Okutobala 2012 bungwe la madokotala a za ubereki la ku America, la ASRM, linalengeza kuti kuundanitsa mazira sikulinso ntchito yoyeserera. Otsatsa malonda amakonda kutchula chilengezochi, koma kawirikawiri amameza mbali yake yachiwiri, yomwe inachenjeza kuti umboni sunali wokwanira kuti amayi athanzi azilimbikitsidwa kusunga mazira pofuna kungochedwetsa ubereki. Chenjezolo linali ndi maziko, pakuti mazira a ku Valencia anachokera kwa atsikana athanzi osankhidwa mosamala, ambiri a zaka za m'ma 20, pomwe mayi amene amafika pachipatala kudzasunga mazira ake nthawi zambiri amakhala wa zaka 36 mpaka 38.

Kuti ziwerengero zimveke, m'pofunika kulondola dzira kuyambira pa jakisoni woyamba mpaka pa mwana. Mwachibadwa thupi limakhwimitsa dzira limodzi pamwezi, choncho mayi amadzibaya jakisoni wa mahomoni pamimba tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14 kuti mabasiketi a mazira, omwe ndi tiziwalo tiwiri ta m'mbali mwa chiberekero, akhwimitse ambiri nthawi imodzi, uku akupita kuchipatala pafupipafupi kukaunikidwa ndi kukayezetsa magazi. Pakapita maola pafupifupi 36 kuchokera pa jakisoni womaliza, dokotala amamugoneka ndi mankhwala n'kulowetsa singano yaitali kudzera m'njira yoberekera, kuyamwa mazirawo limodzilimodzi. Kuyambira pamenepa chiwerengero chimangonka chitsika. Si mazira onse otuluka amene amakhala okhwima, ndipo okhwima okha ndiwo amasungidwa. Pa tsiku losungunula, mazira 8 kapena 9 pa 10 alionse amapulumuka ngati labotale ili yabwino. Mwa amenewa pafupifupi 7 pa 10 alionse amagwirizana ndi umuna. Mwa miluza yopangikayo, theka kapena kucheperapo ndi imene imakula kufika tsiku lachisanu, pamene imakhala yoyenera kuikidwa m'chiberekero. Ndipo mwa yoikidwayo ina sikhazikika. Mayi wa zaka 38 amene anatuluka m'chipatala akusangalala kuti wasunga mazira 12 angathe kudzapeza kuti watsala ndi miluza itatu, ndipo mwa itatuyo mwina umodzi kapena iwiri ndi imene ili ndi makromozomu olongosoka.

Kutsika kumeneku ndi kumene kunabala mkangano wa mu 2020 ku Britain, pamene Robert Winston, katswiri wotchuka wa za ubereki yemwenso amakhala m'nyumba ya malamulo ya House of Lords, ananena kuti mwayi wopeza mwana m'njirayi ndi pafupifupi 1 pa 100, pomwe bungwe la boma loyang'anira zipatala za ubereki, la HFEA, linkanena kuti ndi pafupifupi 1 pa 5. Palibe amene ananama. Winston ankawerenga dzira lililonse losungunulidwa, ndipo dzira limodzi palokha lilidi ndi mwayi wochepa kwambiri, pamene bungwelo linkawerenga maulendo amene mayi wayesa kutenga pakati, ndipo ulendo umodzi umatha mazira ambiri. Ngakhale zili choncho, ziwerengero ziwirizi siziyankha funso limene mayi amabwera nalo, loti pa msinkhu wake, ndi mazira amene angakwanitse kusunga, mwayi woti adzanyamule mwana wamoyo mazirawo akadzatha ndi wotani. Chipatala chimene chimalengeza kuti mazira 90 pa 100 alionse amapulumuka chikungonena za thanki ndi labotale yake, ndipo chimene chimatchula chiwerengero cha otenga pakati chimakhala chabisa amene anapita padera.

Kafukufuku amene amayankha funso limeneli mwachindunji ndi wochepa, ndipo wodziwika kwambiri ndi wa chipatala cha NYU Langone ku New York, wofalitsidwa mu 2022. Ofufuzawo anatsata amayi 543 amene anabwerera kudzasungunula mazira awo, omwe anawasunga ali ndi zaka pafupifupi 38, ndipo anapeza kuti 39 pa 100 alionse anabereka. Kwa amene anasunga asanakwanitse zaka 38 chiwerengerocho chinakwera kufika pa 51, ndipo kwa a msinkhu womwewu amene anasungunula mazira okhwima 20 kapena kuposerapo chinafika pa 70. A ku Valencia anapeza zolozera komweko mu 2016: mazira 10 anapatsa mayi wa zaka 35 kapena kucheperapo mwayi wa pafupifupi 60 pa 100, koma kwa wa zaka 36 kapena kupitirira, mazira 10 omwewo anapereka mwayi wa pafupifupi 30 pa 100. Ofufuza a ku Boston, motsogozedwa ndi Randi Goldman, anawerengetsa mu 2017 kuti mayi wofuna mwayi wa 75 pa 100 afunika mazira 10 ngati ali ndi zaka 34, mazira 20 ngati ali ndi zaka 37, ndi mazira 61 ngati ali ndi zaka 42. Chiwerengero chomalizachi n'chowawa kuposa mmene chikuonekera papepala, chifukwa mayi wa zaka 42 amatulutsa mazira ochepa pa ulendo umodzi, moti kuti afike pa 61 angafunike kubwereza majakisoni ndi singano maulendo ochuluka kuposa amene thupi ndi thumba lake zingapirire. Ndipo zonsezi zikuchokera ku zipatala za akatswiri amene agwira ntchito za ubereki kwa zaka zambiri, osati ku chipatala chimene chayamba ntchitoyi dzana.

Pamenepa pali mfundo yovuta kumasula. Njirayi imayenda bwino kwa mayi wa zaka 30 amene mwina sadzaifuna, chifukwa ali ndi zaka zingapo zoti apeze banja n'kubereka mwachibadwa, ndipo imayenda movutikira kwa wa zaka 39 amene akuifunitsitsa. M'kafukufuku wa ku Valencia wa mu 2016 uja, amayi amene anali atabwerera kudzatenga mazira awo anali pafupifupi 1 pa 10 alionse, ndipo ngakhale chiwerengerochi chimakwera zaka zikamapita, mazira ambiri amangokhalabe m'mathanki. Otsutsa amaona apa ndalama zongolowa m'madzi. Ochirikiza amayankha kuti munthu amene walipira inshuwalansi ya nyumba kwa zaka 20 nyumbayo osapsa sanataye kanthu, ndipo mawu akuti inshuwalansi ndi amene amadzaza m'zotsatsa za malondawa. Kufanizira kumeneku n'kopunduka, chifukwa a inshuwalansi amalonjeza kulipira tsoka likagwa, pamene chipatala sichilonjeza mwana, ndipo mayi amadziwa ngati mazira ake ali ndi ntchito pa tsiku lokhalo limene wawasungunula, nthawi imene mwina sangathenso kutulutsa ena. Kutaya ndalama n'kopepukirako poyerekeza ndi zimene zimagwera mayi amene akanayesa kubereka ali ndi zaka 36, koma n'kudikira mpaka 43 podalira mazira 8 amene anauzidwa kuti ndi chitetezo chake.

Pali gulu la amayi limene mkanganowu sulikhudza kwenikweni, ndipo kwa iwo lusoli ndi lofunika kuposa mmene otsutsa amavomerezera. Mankhwala ena a khansa, monga cyclophosphamide, komanso chithandizo chootcha khansa ndi makina chikalunjikitsidwa m'chiuno, zimatha kupha mazira a mtsikana wa zaka 25 pa miyezi yochepa. Zimakhalanso choncho kwa amene akukonzekera kusinthidwa mafuta a m'mafupa chifukwa cha matenda a sickle cell, ndi amene mabasiketi awo akuyenera kuchotsedwa. Amenewa alibe mwayi wodikira, ndipo milungu iwiri imene imafunika pochotsa mazira nthawi zambiri imapezeka chithandizo cha khansa chisanayambe. Luso la mazira lisanakhwime, mayi wotere ankangosunga miluza, zimene zinkafuna umuna wa mwamuna amene ali naye pa nthawiyo. Mlandu wa Natallie Evans wa ku England ukusonyeza kuopsa kwake: mu 2001, asanachotsedwe mabasiketi ake chifukwa cha zotupa, iye anasunga miluza 6 ndi bwenzi lake, koma chibwenzi chitatha mwamunayo anabweza chilolezo chake, ndipo mu 2007 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, la ku Strasbourg, linagamula kuti lamulo la Britain lofuna chilolezo cha onse awiri silinaphwanye ufulu wa mayiyo, motero mwayi wake wobereka mwana wa magazi ake unathera pomwepo. Dzira losakumana ndi umuna ndi la mayi yekha, ndipo silidikira siginecha ya wina. Nawonso mabanja amene chikumbumtima chawo sichilola kuundanitsa kapena kutaya miluza, poiona ngati moyo umene wayamba kale, amapezako mpumulo pa kusunga mazira, ngakhale kuti mpingo wa Katolika umakana IVF yonse posatengera chimene chasungidwa.

Nanga amayi athanzi amene amasunga mazira mwa kufuna kwawo? Anthu ambiri akamva za iwo amaganiza za mayi wa mu ofesi amene waika ntchito patsogolo pa banja, ndipo maganizo amenewa analimba mu 2014 pamene zinadziwika kuti makampani a Facebook ndi Apple azilipirira antchito awo aakazi mpaka madola 20,000 kuti asunge mazira. Odzudzula anati kampani yolipira thanki ikuuza amayi mwakachetechete kuti mimba ndi yosokoneza ntchito, ndipo kudzudzulaku kuli ndi nzeru, chifukwa chimene bwana wapereka ngati mphatso sichichedwa kusanduka chimene bwana akuyembekezera. Koma Marcia Inhorn, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa pa yunivesite ya Yale, atacheza ndi amayi 150 a ku America ndi Israel amene anasunga mazira, analengeza mu 2018 kuti pafupifupi 85 pa 100 alionse analibe mwamuna, ndipo ndi ochepa kwambiri amene anatchula ntchito ngati chifukwa chawo. Ambiri ankafuna banja ndi ana, koma anali asanapeze mwamuna wofuna zomwezo, ena ukwati unali utatha, ndipo ena anali atataya zaka ndi mwamuna amene ankangoti adikire kaye. M'buku lake la mu 2023 lotchedwa Motherhood on Ice, Inhorn akuloza chala pa kuchepa kwa amuna ophunzira ku yunivesite poyerekeza ndi akazi. Ngati zili choncho, langizo lakuti amayi azibereka msanga ndi lopanda ntchito, pakuti likupita kwa munthu amene sanasankhe kuchedwa. Ndipo kwa mayi wa zaka 35 amene ali yekha, kusunga mazira kungakhale kwanzeru kuposa kungokwatiwa ndi aliyense chifukwa choopa zaka. Chomvetsa chisoni n'chakuti vuto limene mbali yake yaikulu ili kwa amuna likuthera pa majakisoni obaya pamimba pa akazi.

Mtengo wake ndi umene umasankha olowa pakhomo. Bungwe la HFEA linayerekeza kuti ku Britain ulendo umodzi, kuyambira pa mankhwala, kuchotsa, kusunga mpaka kusungunula ndi kuika mluza m'chiberekero, unkadya mapaundi 7,000 mpaka 8,000, ndipo amayi ambiri opitirira zaka 35 amafunika kuchotsedwa mazira kawiri kapena katatu kuti afike pa chiwerengero chodalirika. Zoopsa ku thupi la mayi n'zochepa koma zilipo, pakuti mahomoni angathe kutupitsa mabasiketi mopitirira muyezo mpaka madzi kudzaza m'mimba, ngakhale kuti njira zatsopano zachepetsa kwambiri vutoli. Dzira la pa utsikana silibwezera thupi ku utsikana, choncho mayi wotenga pakati ali ndi zaka 45 amakumanabe ndi chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga obwera ndi mimba ndi kubereka kudzera mu opaleshoni. Kumbali ya ana kuli zolimbikitsa, pakuti kafukufuku wa mu 2009 wa ana oposa 900 obadwa m'njirayi sanapeze zilema zobadwa nazo zochuluka kuposa za ana ena. Thanki nayo ingathe kulephera. Kumapeto kwa sabata imodzimodzi ya mu Malichi 2018 mathanki awiri anafunda, ina pa chipatala cha University Hospitals ku Cleveland, kumene mazira ndi miluza zoposa 4,000 zinaonongeka, ina pa Pacific Fertility Center ku San Francisco, kumene mu 2021 khoti linalamula kuti anthu asanu apatsidwe chipukutamisozi cha madola pafupifupi 15 miliyoni. Thanki yotere sidalira magetsi kuti izizire. Imadalira munthu woithira nayitirojeni pa nthawi yake, ndipo ku Cleveland kunapezeka kuti belu lotumiza chenjezo kwa ogwira ntchito linali lozimitsa.

Malamulo a mayiko akusonyeza kuti maboma sakuiona nkhaniyi ngati ya chipatala chokha. Ku Britain, mpaka mu Julaye 2022, mayi wathanzi ankaloledwa kusunga mazira zaka 10 zokha, lamulo limene linkapweteka amene wasunga msanga pa msinkhu umene mazira ali abwino. Tsopano malire ndi zaka 55, bola mwiniwake azitsimikizira chilolezo chake zaka 10 zilizonse. Dziko la Singapore linavomereza njirayi mu 2023 kwa amayi a zaka 21 mpaka 37, koma mazirawo angagwiritsidwe ntchito ndi okhawo amene ali pa ukwati wovomerezeka. Ku China, Xu Zaozao anasumira chipatala cha ku Beijing mu 2019 chitamukaniza chifukwa chosakwatiwa, ndipo mu 2024 anagonja komaliza pa apilo, m'dziko limene likudandaula ndi kuchepa kwa ana obadwa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2023 kuti munthu wamkulu mmodzi pa 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina ya moyo wake, ndipo mayiko olemera ndi osauka sasiyana kwenikweni pa chiwerengerochi. Chimene chimasiyana ndi gwero lake. Ku Malawi ndi mayiko oyandikana nawo, kumene amayi ambiri amayamba kubereka asanafike zaka 20 kapena atangozipitirira, kusabereka kumachokera kwambiri ku kutsekeka kwa njira za mazira chifukwa cha matenda opatsirana pogonana osachizidwa, matenda obwera pambuyo pobereka kapena pochotsa mimba mosatetezeka, ndiponso ku mavuto a umuna amene sayezedwa chifukwa anthu amathamangira kutcha mkazi chumba. Mayi wotere mazira ake ali bwino, ndipo chimene akusowa ndi mankhwala pa nthawi yake kapena IVF wamba wotsika mtengo. Lusoli limakhudza anthu a m'chigawo chino makamaka pawiri: atsikana odwala khansa amene angakwanitse kufika ku zipatala za ku South Africa, ndi amayi ogwira ntchito ku Johannesburg, Leeds kapena Dublin amene amaona zotsatsazi pafoni, uku achibale kumudzi akufunsa kuti mphatso ibwera liti.

Kuletsa kapena kunyoza kuundanitsa mazira kulibe maziko, chifukwa lusoli linatheka, ana ake akubadwa athanzi, ndipo mayi wamkulu ali ndi ufulu wogula mwayi ndi ndalama zake ngakhale mwayiwo uli wosatsimikizika. Dokotala amene sanauze wodwala khansa za njirayi chithandizo chisanayambe, kumene njirayo ilipo, wamulakwira. Koma otsutsa akulondola pa chinthu chimodzi chachikulu, chakuti malonda atsogola umboni n'kutsalira m'mbuyo, ndipo wovutika ndi mayi wa zaka 38 kapena 40 amene sanauzidwe kuti ambiri a msinkhu wake amabwerera chimanjamanja. Mabungwe oyang'anira zipatala ayenera kukakamiza chipatala chilichonse kuti chizipatsa mayi, asanalipire kalikonse, chikalata chosonyeza mazira amene chasungunula chokha, osati a zipatala zina kapena a atsikana opereka mazira, pamodzi ndi ana amoyo amene abadwa. Chipatala chimene chasunga mazira ambiri koma chasungunula ochepa chinene zimenezo poyera, ndipo mawu akuti inshuwalansi achotsedwe m'zotsatsa zake. Mayi amene akulingalira za njirayi afunse kuti mwa amayi a msinkhu wake amene anasungunula mazira awo pa chipatala chimenecho ndi angati amene anatuluka ndi mwana, ndipo chipatalacho chikazemba funsoli apite kwina.